Digiri ya Victoria ndi Dengu la aNangozo

A Filomena ndi achemwali anga, oyamba kubadwa m'mimba mwa amayi athu, ndipo ine Bonifasio ndine wachitatu. Mukafika kwathu kuno kumtunda kwa Bembeke n'kufunsa za iwo, palibe amene angakuuzeni za nkhope yawo. Onse angoti, "Aja a mbatatesi aja, amene adaphunzitsa mwana mpaka ku Zomba." Ena amanena mawu amenewa mwaulemu, ena amawanena akuseka chamumtima. Ine ndidakhalapo mbali zonse ziwiri, ndipo sindikubisirani.

Ndi munthu wamfupi, wa zidendene zong'aluka ndi chisanu, wosakonda kutaya mawu. Sukulu adalekeza Sitandade 4 chifukwa amayi ankafuna wowathandiza kuthirira. Amuna awo, mkamwini wochokera ku Kaphuka, adapita ku Joni mwana wawo Victoria ali ndi zaka zitatu. Adatumizako bulangete limodzi ndi makalata awiri, kenako zii mpaka lero. Kuyambira pamenepo mwamuna wa a Filomena lidali dimba.

Dimbalo lili m'dambo kumunsi kwa mudzi. Kumtunda kwake kuli kasupe amene saphwa ngakhale mu Okutobala, pamene anzathu amakhala akukanda matope m'zitsime. Ngalande imodzi imatenga madzi kuchokera pakasupepo n'kutsetsereka nawo mpaka kumapeto. Mbatatesi zimakumbidwamo katatu pachaka, ndipo m'mbali mumakhala kabichi ndi nsawawa. Munda wathu wachimanga uli paphiri, pamiyala, ndipo ukabereka kwambiri chakudya chimatha mu Disembala. Amene amadyetsa mbumba yonse, anthu asanu ndi anayi, ndi dimba.

Amayi athu adatisiyira malamulo awiri okhudza dimbali. Loyamba, musadzabzalemo mtengo. Lachiwiri, dengu loyamba la mbatatesi chaka chilichonse ndi la aNangozo. ANangozo adali mayi wa tsidya lina la dambo, wa banja lina, osati m'bale wathu. Tili ana tinkafunsa chifukwa chake. Za mitengo amayi ankati mizu imamwa madzi. Za dengu ankangoti, "Ndi amasiye aja, ukufuna adye chiyani?" Amayi adamwalira mwadzidzidzi chaka cha njala ya 2002, osaonjezerapo liwu lina. A Filomena adasunga malamulo awiriwo zaka zambiri ngati mmene timasungira Lachisanu losadya nyama, osafunsanso.

Kenako dzina la Victoria lidatuluka pa osankhidwa kupita ku koleji. Mudzi wonse udabwera kudzamugwira chanza. Ine monga mwinimbumba, mwamuna woyang'anira alongo anga ndi ana awo, ndidavala jekete n'kupita kukamva bwino.

"Ukakhala namwino kodi, kapena wa zamalamulo?" ndidamufunsa.

"Ayi, atsibweni. Ndikaphunzira mbiri yakale ndi chikhalidwe cha anthu."

"Ndiye kuti zaka zinayi ukaphunzira za anthu akufa?"

"Za amoyo zomwe. Mmene tidafikira pamene tilipa."

"Tidafika wapansi," ndidatero. "Ndakuuza ulere, fizi yasungika."

Anthu adaseka, iyenso adaseka, koma ine sindinkaseka. Alendo atabalalika ndidawatengera pambali achemwali anga. Ndidawauza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, kuti mwanayu apite kusukulu yauphunzitsi kapena yaunamwino, kumene munthu akamaliza amadziwa khomo limene akagogode. Maphunziro ongodziwa zinthu ndi a ana a anthu amene nkhokwe zawo zidadzaza kale. A Filomena adandimvetsera mpaka kumapeto, akusenda nyemba, kenako adandiyang'ana.

"Achimwene, ine sukulu adandichotsa osandifunsa. Uyu ndamufunsa, wandiyankha. Ndalama zake zichokera m'thumba mwanu kodi?"

Sizikadachokera m'thumba mwanga.

Zaka zinayi zimenezo ndidaziona ndi maso anga, ndipo sindifuna kudzazionanso pa munthu wina. Chaka choyamba mbuzi zonse zidapita. A Filomena adasiya kugulitsa mbatatesi kwa mavenda ofika m'mudzi chifukwa amaba pamtengo, adayamba kusenza okha mpaka kumsewu waukulu, ulendo wa maola awiri, nkhungu ili tolo. Khosi lidayamba kuwawawa, ndipo mpaka lero akafuna kuyang'ana kumbuyo amatembenuka thupi lonse. Chitenje chatsopano sadagule. Tiyi ankamwa wopanda shuga n'kumati shuga amawatupitsa mimba, bodza loti ngakhale mwana sangalikhulupirire.

Chaka chachiwiri chiwawu chidagwa m'dimba. Masamba adada ngati owauka ndi moto, ndipo zimene zidapulumuka zidali zochepa. Ku Zomba ankafuna ya nyumba ndi ya chakudya. A Filomena adagulitsa zonse, ndi zosungira mbewu zomwe. Chimenecho ndiye chaka choyamba chimene dengu la aNangozo silidawoloke dambo.

"Chaka chamawa ndidzawapatsa madengu awiri," adatero. "Ndi munthu womvetsa."

Chaka chamawacho Victoria adafunika kompyuta yolembera, ndipo dengu silidapitenso. Munthu ukalumpha kamodzi mwambo, kachiwiri miyendo imalumpha yokha.

Tsopano ndinene mbali yanga, popeza ndalonjeza kusabisa. Nzeru ya mapichesi idali yanga. Ndidaona mmene anthu a ku Lilongwe amawalimbiranira pamsewu mu Novembala, ndipo ndidauza achemwali anga kuti mbatatesi zokha zidzawapha. Ndidawabweretsera mbande khumi ndi ziwiri.

"Nanga amayi aja adati chiyani za mitengo?" adandifunsa.

"Amayi ankaopa bulugamu," ndidayankha ngati ndikudziwa. "Pichesi amamwa madzi angati?"

Tidazibzala tonse awiri m'mbali mwa ngalande. Chaka chotsatira aNangozo adamwalira. A Filomena adakagona pamaliro masiku awiri, adaphika, adaimba, adabwerako mtima uli m'malo.

Victoria adamaliza, ndipo adakhoza bwino. Chithunzi chake atavala mkanjo wakuda ndi chisoti chosongoka m'makona chili pakhoma m'nyumba mwa amayi ake, pafupi ndi cha Banja Loyera. Kenako adabwera kumudzi kudzadikira ntchito, ndipo ntchitoyo idachita manyazi kubwera. Adalemba makalata ambiri, ena ankamuyankha kuti apepese, ambiri sankayankha n'komwe. Adapeza kaganyu kophunzitsa pa sukulu ina ya munthu, malipiro ake ongokwanira sopo ndi mayunitsi. Nthawi zina alendo akafuna kuona zojambula za makolo pamiyala ku Mphunzi ankamuitana kuti akawafotokozere. Masiku otsala ankathirira ndi amayi ake.

Pamenepo mwana wanga Limbikani, amene adalephera Folomu 4 n'kukaphunzira zowotcherera zitsulo miyezi isanu ndi umodzi yokha, adali atafolera kale nyumba yake ndi malata. Anthu sadachedwe kuyerekeza. Pachitsime, pachigayo, ngakhale potuluka m'tchalitchi, umamva wina akuti, "Taonani digiri ikuthirira kabichi." Ine ndemwe ndidalankhulapo mawu amenewa kawiri kapena katatu. A Filomena ankamva zonse osayankha, koma ndinkaona kuti chithunzi chija amachipukuta fumbi Loweruka lililonse.

Zaka ziwiri zidatha chotero. Mu Ogasiti chaka chatha mapichesi aja adachita maluwa kwa nthawi yoyamba, mzere wonse wa ngalande kuoneka patali. Maluwa amenewo ndi amene adaitana a Zikhalo.

A Zikhalo ndi mwana wa malemu aNangozo, mwinimbumba wa tsidya lija, munthu wamtali wolankhula motsitsa. Adafika m'mawa a Filomena akupalira, adaima pamalire osalowa, chipewa chili m'manja.

"Mayi, mitengo iyi wabzala ndani?"

"Ndine, bambo. Kwagwanji?"

"Dimba ili ndi la kwathu. Agogo anga adangobwereka agogo anu. Amayi adamwalira akudandaula kuti dengu lidasiya kubwera, ine ndidati tidikire, mwina anzathu ali pamavuto. Lero ndikuona mitengo. Munthu sabzala mtengo pamalo obwereka, pokhapokha akufuna kunena kuti malowo ndi ake."

Ine ndidali pafupi, ndikudula udzu wa ng'ombe, ndipo ndidamva zonse. Ndikadakhala munthu wodekha nkhaniyi ikadathera pomwepo, chifukwa pambuyo pake ndidamva kuti bamboyo adangobwera kudzapempha kuti mitengo izulidwe. Koma mtima wanga uli pafupi ndi pakamwa. Ndidathamangira pomwepo chikwakwa chili m'manja.

"Kalata yake ili kuti?" ndidafunsa. "Chifundo cha amayi athu kwa munthu wamasiye chasanduka msonkho lero? Mwaona maluwa, dyera lakukwerani. Ife tidabadwira muno, amayi athu adakulira muno. Bwererani kumene mwachokera."

A Zikhalo adavala chipewa chawo.

"Ndimafuna mitengo yokha, a Bonifasio. Popeza mwati ndine wadyera, ndikufuna dimba lonse."

Akulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Wanga ndidaupeza tsiku lomwelo. Mabanja onse awiri ndife a mphakati umodzi, kagulu ka akhristu kamene timapemphera pamodzi pakati pa sabata, ndiye akuluakulu a mphakati adapempha kuti ayambe atimva iwo nkhani isanapite kwa amfumu. Adatipatsa Loweruka la sabata yachiwiri. Wotsogolera zokambiranazo adali a Rafaelo, wapampando wathu.

Kunena zoona ndidachita mantha, ngakhale sindidaonetse. Popanda dimba lija a Filomena alibe kanthu, ndipo ife tonse tikhala anthu aganyu m'minda ya anzathu. Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, ndidapita kwa Victoria.

"Tsiku la digiri yako lafika," ndidamuuza. "Ulembe kalata yabwino, ya mawu olemera, yonena kuti dimba ili ndi la makolo athu kuyambira kalekale. Anthu akaona kuti walemba ndi munthu wa ku Zomba, a Zikhalo asowa polowera."

"Ndilemba, atsibweni, koma ndiyambe ndafunsa."

"Ufunse chiyani? Si ndakuuza ine?"

"Inu mudabadwa dimba lilipo kale. Ndikufuna amene adaliona lisanakhale lathu."

Ndidaganiza kuti ndi mwambo chabe wa anthu ophunzira, kuzungulira nyumba yonse pofuna khomo limene ali nalo pamphuno. Ndidamusiya. Adatenga foni ndi kope lake n'kuyamba kuyenda. Kafunsidwe kake kadali kachilendo. Sankafunsa nkhalamba ziwiri pamodzi, ankati wina amangovomera za mnzake. Sankatchula za mlandu, ngakhale dimba lenilenilo sankaliyamba ndi iye. Ankakhala pansi, kuthandiza kutongola chimanga, n'kumafunsa za njala ya 1949, kuti anthu adadya chiyani, ndani adachoka, ndani adabwera. Adapita mpaka ku Mphunzi, kumene tinkangomva kuti kuli abale a agogo athu, n'kugonako masiku awiri. Tsiku lililonse ndinkamufunsa ngati kalata yatha, iye ankangoti, "Pang'ono, atsibweni." Nkhope yake inkanka ikulemera, ndipo ine ndidayamba kusowa tulo.

Lachisanu masana, mawa lake kuli mlandu, adatiitana ine ndi amayi ake kudimba. Tidakhala pamlambala wa ngalande, pansi pa mapichesi omwewo. Adaika foni pabondo.

"Awa ndi mawu a a Alufeo, ndidawajambula," adatero.

A Alufeo tonse timawadziwa. Adali mphunzitsi wa katekisimu kalekale, tsopano ali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, ndipo sadzukanso pamphasa. Mawu awo adatuluka mufoni monjenjemera, koma omveka bwino.

"Chaka cha njala chija kudabwera mayi wina kuchokera kumapiri a Mphunzi, mwana wina kumbuyo, wina akumukoka padzanja. Mwamuna adamufera panjira. Amayi ake a Nangozo adamumvera chisoni, adamudulira dambo la pakasupe. Adati, lima udyetse ana ako. Koma usabzalemo mtengo, ndipo dengu loyamba lizibwera kuno, kuti ana anga ndi ana ako asadzaiwale mwini wake."

Mwana wokokedwa padzanja uja adali amayi athu. Victoria adati anthu ena awiri, amene sadaonane ndi a Alufeo zaka zambiri, adanena zomwezo, ndipo mmodzi mwa iwo ndi m'bale wathu weniweni wa ku Mphunzi.

Ndidaganiza za amayi, mmene ankayankhira mwachidule tikafunsa za dengu. Sadafune kuti ana awo akule akudziwa kuti ndi obwera, odya za chifundo. Adatibisira chifukwa chotikonda, ndipo chikondi chimenecho ndi chimene chidatitchera msampha.

"Wamvanso ndani zimenezi?" ndidafunsa.

"Inu awiri basi."

"A Zikhalo ali ndi mboni?"

"Sindikuganiza. A Alufeo akuti palibe amene wabwera kudzawafunsa."

"Ndiye fufuta," ndidatero. "Fufuta pompano ndikuona."

"Sindifufuta, atsibweni."

"Iwe, ukudziwa chimene chidakulipirira sukulu? Ndi dothi ili wakhalapoli. Amayi ako adapindika khosi chifukwa cha iwe. Lero ukufuna uwalande ndi pogwira pomwe? Tidakutuma kukatenga mkondo, iwe wabwera nawo kudzatilasa."

Misozi idalengeza m'maso mwake, koma mawu ake sadagwedezeke.

"Ngati amayi sakufuna, sindiyambitsa ndine. Ndikhala chete. Koma akandifunsa, sindinena bodza. Chimenecho chokha sindingathe."

"Ndiye mawa udwale. Mutu ukuwawe, ugone m'nyumba."

Tonse awiri tidayang'ana a Filomena. Nthawi yonseyi adali asanalankhule. Adadzuka, adatenga keni, adatunga madzi mungalande n'kuyamba kuthirira mzere wa kabichi umene adali atauthirira kale m'mawa. Adafika kumapeto, adabwerera, adatunganso.

"Achemwali, lankhulani," ndidatero.

"Mawa tonse tipita," adayankha osatembenuka.

Loweruka kudacha ndi mphepo yozizira. Tidakumana m'kanyumba kamene mphakati umapemphereramo, abambo pamabenchi, amayi pamphasa, banja la a Zikhalo mbali ina, ife mbali ina. Victoria adakhala pafupi ndi amayi ake, atafunda chitenje mpaka m'khosi. Nditalowa ndidamuyang'ana mwamphamvu kuti amve zimene ndinkatanthauza.

A Rafaelo adatsegula ndi pemphero n'kupereka mpata kwa a Zikhalo. Bamboyo adafotokoza zimene adamva kwa amayi awo, za dengu ndi za mitengo. Adati ana atatu a alongo awo akwatiwa opanda dimba, akuthirira m'madimba a eni. A Rafaelo atafunsa ngati pali wina wamoyo amene angachitire umboni, a Zikhalo adaweramitsa mutu.

"Ndili ndi mawu a amayi anga okha, ndipo iwo adagona."

Kenako idafika nthawi yanga. Ndivomere kuti ndidalankhula bwino, mwina kuposa tsiku lina lililonse pamoyo wanga. Ndidati mibadwo itatu yalima dimba limenelo popanda wotsutsa. Ndidati dengu lidali mphatso ya mkhristu kwa mkazi wamasiye, ndipo ngati mphatso zayamba kusanduka umboni wolandira minda, ndiye kuti tonse tileke kupatsana. Ndidaona mitu ikugwedezeka movomereza, ngakhale kumbali ya a Zikhalo komwe. Pokhala pansi ndidadziwa kuti dimba tapulumutsa. Pakamwa pokha ndi pamene padali powawa ngati ndatafuna mankhwala.

A Rafaelo adanong'onezana ndi akuluakulu anzawo. Adakonza kukhosi kuti amange nkhani, kenako adaima ngati akumbukira kanthu. Pamudzi palibe chobisika, munthu sangayende masiku khumi ndi kope m'manja anthu osamuona.

"Tisanatseke," adatero, "tamva kuti mwana wathu Victoria wakhala akuyendera akuluakulu, kufunsa zakale. Ndi ntchito imene adaiphunzira. Mwanawe, pali chimene wapeza chotithandiza?"

Ine ndidatsokomola, kutsokomola kwabodza kumene aliyense adakumva kuti n'kwabodza. Victoria sadandiyang'ane. Adatembenukira kwa amayi ake. A Filomena adali atayang'ana manja awo pamiyendo, manja okhakhala aja, ndipo adakhala choncho nthawi yoti munthu akadatha kunena Atate Athu yense. Ndidapemphera kuti apukuse mutu. Kungopukusa pang'ono basi, mwanayo akadati alibe mawu.

Adatembenuka thupi lonse, monga amachitira chifukwa cha khosi lija.

"Ukuyang'ana ine bwanji?" adatero. "Akufunsa iwe. Zaka zinayi ndidasenza mbatatesi kuti ukadziwe zinthu. Wadziwa, ndiye nena."

Victoria adaimirira. Adafotokoza mmene adafunsira, ndani ndi ndani, tsiku liti, ndi chifukwa chake sadawafunse pamodzi. Adatsegula foni, ndipo mawu a a Alufeo adadzaza kanyumbako. Amayi ena a mbali ya a Zikhalo adayamba kulira atamva dzina la agogo awo. Ine ndidangoyang'ana pansi, popeza aliyense adadziwa tsopano kuti zimene ndidalankhula bwino zija ndidazilankhula ndikudziwa zoona zake.

A Zikhalo adayamba kudzuka, koma Victoria adakweza dzanja mwaulemu.

"Pepani bambo, sadamalize. Dzulo atsibweni adakwiya ndisanawatsegulire mbali yotsalayi."

Adatsegulanso. A Alufeo adatsokomola mufonimo, kenako adapitiriza.

"Mwini dambo uja adanenanso kuti, dengu likamabwera, mwana wanga asadzathamangitse mwana wako. Njala siitha chaka chimodzi. Adanena pamaso pa anthu, ine ndili pomwepo."

Mbali imeneyi a Zikhalo sankaidziwa. Adakhalanso pansi pang'onopang'ono. Zoona zake zidali zitaluma mbali zonse ziwiri, koma ife zidatiluma kwambiri, chifukwa dengu lidasiyadi kubwera zaka zisanu, ndipo mitengo idali chiimire ndi maluwa ake.

Zokambirana zidatenga mpaka dzuwa kupendeka. Mapeto ake adali akuti theka lakumtunda, kumene kuli kasupe, libwerere kwa mbumba ya aNangozo. Theka lakumunsi a Filomena apitirize kulima, madzi azilandira mungalande masiku atatu pasabata, mitengo izulidwe, ndipo dengu liyambirenso. A Rafaelo atafunsa ngati tavomera, amene adavomera ndi a Filomena, osati ine.

Ndidatha mwezi wathunthu osalankhula ndi Victoria. Tikakumana panjira ankagwada n'kundipatsa moni, ine ndinkangodutsa. Anthu a m'mudzi adagawikana. Ena ankati mwanayo ndi wolungama, ena ankati sukulu idamuchotsa umunthu, mwana wanji wogulitsa amayi ake pagulu. Amene ankaseka za digiri yothirira kabichi adapeza nthabwala yatsopano, yoti iyi ndi digiri yokhayo m'Dedza muno imene idalipiridwa kawiri.

Mapichesi adawazula okha a Filomena. Adali atayamba kale tizipatso tating'ono ngati nsawawa. Ndidapita ndi khasu langa kuti ndiwathandize, popeza woyambitsa ndidali ine, koma adandibweza. Victoria naye adamubweza. Adatenga masiku atatu, mtengo umodziumodzi, n'kuiunjika pamalire kuti iume. Tsiku lachitatu ndidawapeza atakhala pamulu wa mitengoyo akulira, ndipo ndidabwerera asanandione. Kunyumba iwo ndi mwana wawo ankalankhulana za mchere ndi nkhuni basi. Chithunzi chija sadachichotse pakhoma, koma masabata angapo adadutsa chili ndi fumbi.

Anthu amandifunsa, makamaka amene ana awo ali Folomu 4, kuti a Bonifasio, inu mudaziona, maphunziro otere ndi opindulitsa kodi? Ndimawauza kuti theka la dimba lidapita, chaka chino tagula chimanga kuyambira Januwale, ndipo Victoria akadali pa kaganyu kake komwe kaja. Zimenezo n'zoona ndipo zimandipweteka mpaka lero. Koma ndimawauzanso kuti ine, wosaphunzira za anthu akufa, ndidaimirira m'nyumba yopemphereramo n'kunama pamaso pa mtanda, ndipo ndikadapambana. Yankho loposa pamenepo ndilibe, aliyense akaone mwana wake.

Mbatatesi zoyamba za theka lotsalalo zidakumbidwa mu Disembala. Ndidapita kukathandiza, Victoria naye adalipo, tonse tikugwira ntchito mosayang'anana. Zidatuluka zochepa, zosakwana n'theka lomwe la zimene tidazolowera, chifukwa kumunsi madzi amafika atatopa. Ndidaona a Filomena akuyenda pamulu uliwonse, akusankha zikuluzikulu, zosalala, zimene mavenda amalipira bwino, n'kumaziika m'dengu latsopano. Atalidzaza adapota nkhata ya chitenje. Ndidaganiza kuti asenza okha monga kale, koma adaitana mwana wawo.

"Victoria, bwera kuno."

Adamuika nkhata pamutu, ndipo ine ndidagwira mbali ina ya dengu kuti timusenzetse. Atalikhazika bwino, a Filomena sadachotse dzanja msanga. Adakonza mbatatesi imodzi imene inkafuna kugwa.

"Ukapereke kwa mwana wamkazi wamkulu wa aNangozo, ugwade," adatero. "Ndipo ana ako ukadzawatuma dengu ili, udzawauze chifukwa chake. Ine amayi sadandiuze."

Victoria adafuna kuyankha, koma dengu lidali lolemera ndipo sakadatha kugwedeza mutu. Adatsika kulowera kudambo, akuponda mosamala pamiyala yowolokera. A Filomena adamuyang'ana mpaka atafika tsidya lina, kenako adatola khasu n'kubwerera pamzere umene adausiya.